Chaka Chimene Bambo Anasiya Kupalasa Njinga

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anga, a Mbewe, anasiya kukwera njinga yawo. Ankapikula tomato ku Mitundu n'kumakagulitsa ku Nathenje, ndipo pakhomo pathu tinkadya za njingayo. Koma chaka chimenecho anayamba kuikankha, dengu lili kumbuyo, akuyenda motangadza ngati munthu wowoloka chithaphwi. Tomato ankafika atafewa ndi dzuwa.

"Chishalo chatha," ankatero. Ine ndinachiyang'ana chishalocho, chinali chabwinobwino. Nditanena, ndinalandira khofi.

Inali nthawi imene matipate anali atangobwera kumene. Amuna amene kale ankanong'ona ngakhale m'nyumba zawo tsopano ankakuwa pa bawo kumsika, ndipo wokuwa kwambiri anali bambo. "Palibenso wotseka munthu pakamwa!" ankatero, akumenya pachifuwa.

Tsiku lina m'mawa anagwada kuseri kwa nkhokwe atagwira m'mimba, thukuta lili kamukamu. Mayi anawapeza, ine Esinati ndili potero ndi tsache.

"Abambo a Esinati, boma lonse mwalinena osaopa. Nanga chimene chili m'buluku mwanumu ndiye chakutsekani pakamwa? Mukafa nacho, anawa ndidzawauza kuti chiyani?"

Ndinayembekezera kuti bambo aphulika. Bambo anangodzuka, nasasa fumbi m'maondo.

Tsiku la msika ndinawathandiza kukankha. Titafika pa bawo, a Gama, ogulitsa nyama ya mbuzi, anayamba chipongwe chawo. "A Mbewe, kodi masiku ano njinga ndiyo ikukukwerani?"

Bambo anaimika njinga ija bwinobwino.

"Ndili ndi phudzi," anatero, mawu ali pamwamba ngati akunena za chipani. "Latupa, likupweteka, ndipo Lolemba ndikupita kuchipatala. Amene akufuna kuseka aseke lero, ndili moyo."

Anasekadi. Wina mpaka anagwetsa nkhomo za bawo. Ine manyazi anandigwira, ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Kusukulu anzanga ananditcha mwana wa a Phudzi teremu yonse, ndipo awiri ndinawang'ambira mayunifolomu.

Ku Lilongwe anawachita opaleshoni. Dokotala anauza mayi kuti akanachedwa, matumbo akanapotana. Mvula isanagwe, bambo anali atachira.

A Gama sanaione mvula imeneyo. Pamaliro pawo m'pamene akazi awo anaulula, akulira, kuti bamboyo anakhala miyezi akukodza magazi, ndipo anawalumbiritsa kuti asauze munthu. Amuna pa siwa ankagwedeza mitu n'kumati, "Anali wolimba mtima, sanadandaulepo." Mpaka lero mawu amenewo amandikwiyitsa. Kulimba mtima kwanji kosiya ana asanu? Wolimba mtima ndinamuona ine, ataima pakati pa msika anthu akumuseka.

Pano ndili pabanja, ndipo amuna anga amandidziwa. Akatsokomola sabata yathunthu n'kumati ali bwino, sindiwanyengerera. Ndimawatulutsira nsapato pakhomo, ulendo wa kuchipatala. Ana anga aamuna ndinawauza kuti m'nyumba muno chiwalo chilichonse chili ndi dzina, ndipo chikapweteka timachitchula. Alamu anga amati mchimwene wawo anakwatira mkazi wapakamwa. Anene. Dzina limenelo ndilisenza mosangalala, koma la namfedwa ndalikana.