Nyundo Yakuda ya Azakhali

"Iwe wasukulu, tandiuza, bwanji mkuwa ukaumenya umauma, koma ukauwotcha umafewanso?" Anandifunsa choncho azakhali sabata yoyamba nditamaliza sukulu.

Azakhaliwa asula mbale za mkuwa zaka makumi atatu, m'kachipinda ka kuseri kwa okonza njinga. Chala chawo chachikulu chakumanzere chinaphwatalala, khutu limodzi linagontha, koma lotsalalo silimaphonya kulira kwa mbale. Ali ndi nyundo yaing'ono ya chigwiriro chakuda, imene anati adzapatsa mmodzi wa ife: ine, kapena mwana wawo wamkazi, msuweni wanga, amene sukulu anaisiyira panjira.

Yankho ndinali nalo. Ndinakwinya nsalu ya patebulo, n'kukankha khwinyalo ndi chala mpaka linatulukira kumapeto.

"Maatomu a mkuwa amandanda m'mizere, azakhali, koma pena mzere umathera pakati. Kachilema kameneko kamayenda ngati khwinya ili, n'chifukwa chake mkuwa umapindika. Mukamenya kwambiri, tizilemato timachuluka n'kukolana, osayendanso. Moto ndi umene umatimasula."

"Ohoo," anatero, maso ali kwa msuweni wanga amene ankasula mbale pambali. "Wamva mmene yaliriramo? Kaiwotche, mwanangu. Khutu lakoli ndi langa lenileni."

Mawu anga onse aja, "ohoo" basi! Munthu woti ngakhale liwu lakuti atomu sangalilembe, ndiye woyamikiridwa. Tsiku lonse ndinali tsinya lili gwa.

"Aprofesa, tagwirani chopanira," anandiseka msuweniyo, "kapena nachonso chikufuna mayeso?"

Lachinayi tinapatsidwa mbale imodziimodzi. Ndinafuna kumaliza iye asanamalize, ndiye za moto ndinazidumpha. Kulira kwa mbale yanga kunayamba kuthwa, nyundo n'kumadumpha.

"Asuweni, yauma iyo."

Akananena wina ndikanasiya. Poti ananena ndi iye, ndinamenyabe. Nditamenya kachisanu, mng'alu uwo, kuchokera pamlomo mpaka pakati.

Azakhali anaitembenuza mbaleyo osakalipa. "Tizilema tako tija takolana, eti? Kutidziwa umatidziwa, koma sunatimve."

Kani tsiku lija ankamvetsera! Koma madzulo ake nyundo yakuda inali patebulo la msuweni wanga. Akuti angomubwereka.

Mbale yong'alukayo ndaisunga pansi pa bedi. Ndatsimikiza kuti kuyambira mawa ndizikhala pafupi ndi msuweni wangayo, pakamwa nditatseka, mpaka nditamubera khutu lakelo. Zomupempha kuti andiphunzitse, ayi, sindinafikepo.