Bonongwe Waminga wa ku Chikamwini

Chaka chomwe njanji inafika ku Chiromo ndinalowa chikamwini, ndipo tsiku loyamba anandiphera tambala. Pofuna kuoneka wosasusuka, ndinati, "Pepani, ine chamoyo sindidya, chimandimvetsa chisoni." Ndinkayembekeza kuti andikakamiza kawiri monga achitira anthu olongosoka. Sanandikakamize. Mlamu wanga anamaliza tambala yense, ndi nthutumba yomwe, ine ndikuonerera.

Kuyambira pamenepo chakudya changa chinali bonongwe, nkhwani ndi nyika, timbatata ta m'dambo. Mbiri inawanda. Mbuzi za mudzi wonse zinasamukira pakhomo panga pondiyesa mnzawo, ndikulumbira, ndipo ina inkandiperekeza kudimba. Ndinaonda mpaka ng'ona ya mu Shire inandiyang'ana, n'kupukusa mutu, n'kubwerera m'madzi. Mboni zinalipo, kungoti zinamwalira.

Tsiku lina apongozi aakazi anawamba milamba n'kuisiya pathandala. Ndinaba umodzi, n'kuumeza mothamanga kuseri kwa nkhokwe, munga n'kuima pakhosi. Mkazi wanga anandipeza ndikutsokomola, maso ali psuu.

"Mwadya chiyani, bambo?"

"Bonongwe," ndinatero movutikira.

Apongozi, amene mwamwambo sitinkayang'anana, anayankhulira kuseri kwa mpanda. "Mwananga, uwapatse mbatata ameze. Bonongwe wa chaka chino ngwaminga, ndiponso wayamba kusambira."

Munga unatsika, ndipo palibe ananditchula wakuba. Koma mpaka lero akapha nkhuku amanditumizira masamba, ati polemekeza chisoni changa. Fungo lokha ndiye amandipatsa lambiri.