Kapepala Komata ka ku Fairfax

Kanali kapepala kozungulira, komata, kolembedwa m'Chingerezi kuti munthu wavota. Amalume anakalandira ku Fairfax tsiku limene a ku Virginia ankasankha wodzaimira chipani pa upulezidenti, n'kukamata pa jekete ya mwana wawo, msuweni wanga. Mkuluyu anali ndi zaka zisanu, mamina ali tolotolo. Lamlungu analowa nako m'tchalitchi atatukumula chifuwa ngati nduna. Ine wa zaka zisanu ndi zitatu, wodziwa kale kuwerenga, ndinalibe kanthu.

Ife tinkakhala ku Lanham, ku Maryland, kumene tsiku lovota linkafika mochedwa, ena atasankha kale.

Amalume anali ndi mapu a Amereka pafiliji, atawagawa patatu ndi bolopeni ngati kwathu: Kumpoto, Pakati, Kummwera. Zimene wandale akulonjeza analibe nazo ntchito. Ankangofunsa kuti, "Kwawo n'kuti ameneyu?" Ukawayankha ankaloza chigawo: "Basi, onsewa ndi ake." Zotsatira zikawatsutsa ankati anthu akuno sadziwa chibale. Ndinadzaphunzirako zandale ku yunivesite ya ku College Park chaka ndi theka ndisanawasiyire eni ake sukulu yawo, ndipo ndikuchitira umboni kuti amalume ankaphonya mofanana ndi aphunzitsi, kungoti iwo analibe ofesi.

Lamulo lawo linali lakuti dera likavota, mwana wa komweko alipake kirayoni pamapupo. Msuweni anapaka Virginia modumpha mizere mpaka kundidyera Maryland wanga pang'ono. Pobwezera ndinamuberako kapepala kaja. Guluu anali atatha, kumbuyo kuli ubweya wa jekete wokhawokha, kakununkha madzi a malalanje. Nditakamata pa juzi, kanagwa ndisanafike pagalimoto ya amalume.

Amayi ankangoti, "Dikira, tsiku lathu likubwera." Ndinadikira milungu yambiri, malo a kapepala kanga pa juzi nditasankhiratu.

Litafika, amayi anavala yunifolomu ya kuntchito yosamalira okalamba. Popita kukakwera basi tinadutsa pasukulu pomwe anthu anali pamzere. Amayi sanacheuke. Atabwera kuntchito ndinawafufuza pakolala, m'matumba, m'chikwama. Munali chingamu ndi magolovesi.

"Timapepala tinatha ndisanafike," anatero akuvula nsapato.

Titapitanso kwa amalume, ndinapaka Maryland mwaukali mpaka mapu anabooka, nditakwiyira boma losatha kusindikiza timapepala tokwanira. Sindinkadziwa kuti amalume anali atalumbira kale kukhala nzika, pomwe amayi, amene ankasambitsa ndi kudyetsa makolo a anthu a pamzere uja, analibe chilolezo choimapo.