Banatiphunzitsa Kumwa Mkaka

Iyayi, pepala tinali nalo, la chidindo, dzina langa lolembedwa bwino. Ndiye chamene chimanivuta nikamaganiza.

Ine nchito yanga ni yotapa vimbudzi mu Kanyama. Nimasebenza na mulamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga. Vimbudzi va mu komboni timatapira pamwamba, sitilowa. Koma maloji ogona balendo ali na mathanki akulu apansi, ofunika munthu kutsikamo, ndipo sibakulola ngati ulibe satifiketi yoonetsa kuti unaphunzira kudziteteza pa nchito.

Manje ku tchalitchi kwathu kunabwera bambo bena, bovala vesiti yowala na chipewa choyera cha pulasitiki. Ba pasita banalengeza kuti aba ni bophunzitsa bovomerezeka. Munthu wamene baimika kutsogolo, ungamufunse mapepala iwe? Tinaphunzira pa Loweruka, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Banati mpweya wa mu thanki ni fungo chabe. Nyowetsa kansalu, manga pamphuno, ukatuluka imwa mkaka, mkaka umatsuka chifuwa. Ife tinavomera, chifukwa na mawelda bowotcherera vitsulo pa msika bamakamba vimenevo. Nikaganiza manje, sibanatiuze chatsopano. Banatigulitsa vamene tinali kukhulupirira kale.

Nchito yoyamba tinaipeza pa loji ina cha ku Kalingalinga. Tinatsegula chivundikiro cha thanki. Mulamu ni woonda, ndiye wolowa anali iye. Ninamumanga chingwe m'chiuno, kansalu pamphuno, mkaka tinaika pa mthunzi.

"Mulamu, ukafera uko mlongo wako azanidya wamoyo," ninatero.

"Imwe gwirani chabe chingwe. Osanimwera mkaka."

Mwendo wake umodzi unali kale pa makwerero pamene banatulukira mai bamene bamayang'anira vokonzakonza pa loji paja. Kale banasebenzako ku migodi ya ku Kopala.

"Ba tate, mkaka uyu ni wa tiyi?"

Ninabafotokozera, monyada ndithu. Sibanaseke. Banagwira mulamu pa kolala.

"Tuluka iwe. Kopimira mpweya kali kuti?"

Ife kanthu kameneko tinali tisanakamvepo. Ninatulutsa satifiketi.

"Banakuphunzitsani ndani? Munafunsako ku ofesi yamene imalembetsa bophunzitsa?"

Sininadziwe kuti kuli ofesi yotero. Mai baja banatuma foni ku ofesiko pomwepo, banakweza mawu kuti tonse timve. Banawerenga dzina la bambo baja na nambala ya pa pepala. Wa ku ofesi anafufuza, anati dzina limenelo kulibe, nambala nayo kulibe.

Nchito inathera pamenepo. Ninakwiya, sininganame, chifukwa kunyumba ninali nitalonjeza kale ndalama. Koma mai baja banati mailo mubwerenso, mudzaone chabe.

Tsiku lotsatira tinabwera. Kunali banthu ba kampani ina. Banamanga kachipangizo kachikasu pa chingwe, banayamba kukatsitsa mu thanki. Kasanafike na pakati kanayamba kulira monga alamu ya motoka. M'modzi anati mpweya wa mtundu uja ukachuluka fungo umaleka kulimva, umangogwa, ndipo wogwira chingwe akatsika kukakutenga naye amagwa. Wogwira chingwe ninali ine.

Ba vesiti baja foni yabo siinalowenso. Ba pasita nabo banati banapusitsidwa, ndipo nimabakhulupirira. Ife tinaphunziranso kwina, koma ninayamba natuma foni ku ofesi kuja nekha, kufunsa ngati bophunzitsa bali m'kaundula. Ninachita manyazi na Chizungu changa, koma ninafunsa. Uko banatipatsa kopimira mpweya kuti aliyense akagwire na manja ake. Va mkaka sibanatchule.

Mkazi wanga atamva nkhani yonse anagula chitenje, anakwera basi yekha kukapereka kwa mai baja ku loji. Dzina labo lenileni sinilidziwa. Pa loji bonse bamangoti ba Mayo ba ku Kopala.