Kachidutswa Kovundikira ka Aphunzitsi Nurys

Nurys Peguero anakulira kuseri kwa mpando wa bambo ake. Bambowo ankadula nzimbe m'minda ya ku San Pedro, ndipo Lamlungu masana ankamenya domino, masewera a tizidutswa ta madontho, ndi anzawo pakhonde la golosale. Mwana wamkazi sankakhala patebulo limenelo, ntchito yake inali kubweretsa khofi. Koma poimirira ndi khofiyo maso sankagona. Asanathe n'komwe msinkhu, ankadziwa kachidutswa kamene munthu wafumbata pongoona timene tagwa kale patebulo.

Anaphunzira mpaka kukhala mphunzitsi wa masamu. Mkati mwa sabata amaphunzitsa ana, koma mtima wake uli pa kalasi ya Loweruka, ya akuluakulu amene anathawa sukulu kalekale. Mukawafunsa chinawathamangitsa n'chiyani, ambiri amatchula mdani mmodzi: alijebula, masamu aja osakaniza manambala ndi zilembo.

Mmodzi wa iwo anali Don Eufemio, mnansi wake, wakabaza wa njinga yamoto, katswiri wa domino m'dera lonse, pakamwa posatseka ngati wailesi. Msana wawo unali utatopa ndi mabampu. Achipatala anawalonjeza ntchito yoyendetsa ambulansi, bola abweretse satifiketi ya sekondale. Maphunziro ena onse anakhoza, masamu okha ndiwo anawagwetsa, ndipo mwayi wolembanso unatsala umodzi.

"Aphunzitsi, ndisiyeni ine," anatero tsiku lina akutseka buku. "Mutu uwu ndi wovalira chisoti cha njinga basi."

"Inuyo Don Eufemio, amene mumadziwa zili m'manja mwa mnzanu musanazione? Bodza limenelo kauzeni ena."

Loweruka lotsatira Nurys anabwera ndi domino za malemu bambo ake. Anajambula mzere ndi choko padesiki. Mbali ina anaika kachidutswa kovundikira ndi kena ka madontho atatu, mbali inayo ka madontho asanu ndi atatu.

"Mbali ziwirizi n'zofanana. Kovundikiraka kali ndi madontho angati?"

"Asanu. Ngakhale mwana woyamwa angakuuzeni."

"Mwadziwa bwanji?"

"Ndachotsa atatu uku, ndachotsanso atatu uko."

"Ndiye kovundikirako ndi x amene mwakhala mukumuthawa kuyambira muli ndi tsitsi."

Kalasi yonse inafa nacho chiseko, koma mwini dazi sanaseke. Anayang'ana padesiki, kenako anafunsa motsitsa mawu ngati chimene anasiyira sukulu chinali chomwechi. Nurys anawamvera chisoni, ndipo anakwiyira aliyense amene anaphunzitsa bamboyu mowopseza.

Kuyambira pamenepo Don Eufemio ankafika oyamba. Koma domino yomweyo inadzawatchera ndale. Tsiku lina samu inawapatsa x wa 15, iwo nafufuta yankho lolondola.

"Sizingatheke, aphunzitsi. Palibe kachidutswa koposa madontho khumi ndi awiri. Musandiphunzitse domino ine."

Nurys anaona kuti ndodo imene inawaimiritsa yayamba kuwapinga miyendo. Anasonkhanitsa tizidutswa tonse n'kutibweza m'bokosi. Don Eufemio ananyinyirika masabata angapo, akuti awalanda maso. Nurys sanagonje, anawauza kuti njira ndi yomwe ija, chimene wachita uku uchitenso uko, kaya x akhale wamkulu ngati nyumba.

Tsiku la mayeso, atamaliza funso lotsiriza, Don Eufemio anamenyetsa cholembera padesiki monga amamenyetsera kachidutswa kopambanira, woyang'anira mayeso mpaka kudzidzimuka. Zotsatira zitatuluka, anali atakhoza. Nurys ananyada kuposa tsiku limene iye mwini analandira satifiketi ya uphunzitsi, ndipo sanabise.

Lamlungu lake akudutsa pagolosale paja, Don Eufemio anamukodola, n'kutembenukira mnzawo amene ankasewera naye mbali imodzi.

"Achimwene, tadzukani. Lero mnzanga ndi aphunzitsi."

"Patebulo pano? Mwayamba liti zimenezi, adalaivala a ambulansi?"

"Dzukani, mungaphunzireko kanthu. Mutu wanuwo ndi wongosungira chipewa."

Amuna aja anang'ung'udza, koma mpando unapezeka. Nurys anakhala pansi, pafupi ndi pamene ankaimirira ali mwana, nasakaniza tizidutswa ndi manja onse awiri. Khofi anabweretsa ndi Don Eufemio.