Diresi Lobiriwira la Madamu

Atelala ali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu. Ali pabanja, ali ndi mwana mmodzi ndi makina osokera amodzi, opalasa ndi phazi. Amasokera pakhonde la nyumba ya lendi, moyang'anana ndi msewu wafumbi. Tepi yoyezera, yachikasu, sichoka m'khosi mwawo. Dzina lawo lenileni amalidziwa ndi amuna awo ndi a kuchipatala. Ena onse amangoti Atelala.

Mwana wawo ndi wamwamuna. Nthawi ya mliri ija anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Amamutchula Kabatani, chifukwa kuyambira ali wokwawa ntchito yake inali kutola mabatani pansi pa makina n'kuwandandalika pamzere, aang'ono kuno, aakulu uko. Ukasuntha limodzi, msewu wonse umadziwa. Sayang'ana munthu m'maso. Akamva njinga yamoto amatseka makutu. Achipatala anati ndi otizimu. Achibale ananena zawo, koma Atelala anasiya kalekale kuwayankha.

Mpaka zaka zisanu ndi ziwiri Kabatani sanatulutsepo liwu. Akafuna kanthu ankangokoka munthu. Kenako anamupezera malo m'kalasi ya ana ngati iye, kachipinda kakumapeto kwa sukulu, komwe kale ankasungiramo madesiki othyoka. Mmenemo munali Madamu, mayi wamfupi wa mawu apansipansi, wovala diresi limodzimodzi tsiku ndi tsiku: lobiriwira, la mabatani oyera akuluakulu kutsogolo. Sunali umphawi. Ankati ana awowo sakonda zosinthasintha. Madiresiwo analipo awiri ofanana, ndipo anasoka ndi Atelala omwewo.

Chaka chisanathe Kabatani anayamba kulankhula. Mawu ake anali ochepa: madzi, chimbudzi, ayi, basi. Koma loyamba linali "Madamu."

Atelala analimva okha ndi makutu awo, pageti la sukulu. Anaseka, anathokoza, anawapatsa Madamu moni wa manja awiri. Atafika kunyumba anapalasa makina mpaka singano inathyoka.

"Kubereka ndinabereka ine," anawauza amuna awo. "Matewera ndinachapa ine. Kuluma amaluma ine. Koma pakamwa pakatseguka, Madamu."

"Ndiye mukufuna akhalenso chete?"

"Sindinatero."

"Inenso sananditchulepo. Mwandiona ndikuswa mapoto?"

Amuna awowo anali wophika pahotela ina m'tauni, munthu wa nthabwala, woyenda ndi mulu wa makiyi m'lamba. Nkhani inathera pomwepo, koma mumtima mwa Atelala sinathe.

Mliri utafika, masukulu anatsekedwa. Hotela nayo inatsekedwa. Anthu anauzidwa kuti azikhala pakhomo, azivala masiki, asiye kupatsana moni wa pamanja. Ntchito imene inachuluka ndi ya Atelala yokha, poti aliyense ankafuna kansalu kotseka pakamwa.

Kabatani za mliri sizinamukhudze. M'mawa ankavala yunifolomu, kubereka chikwama, n'kuima pachitseko.

"Lero kulibe sukulu, mwanawe."

"Madamu."

"Madamu kulibe. Vula."

Ankaima choncho mpaka dzuwa kukwera. Kenako ankayamba kumenyetsa chipumi pachitseko. Bambo ake ankamugwira kumbuyo, Atelala n'kuika dzanja pakati pa mutu ndi thabwa. Zala zawo zinatupa. Mawa lake zomwezo.

Kuseri kwa mpanda, ana a aneba ankakhala pamkeka atazungulira foni ya mayi awo, mphunzitsi akulankhula mufonimo. Ankalemba, ankakangana, ankaseka. Mayi awo ankasuzumira pampanda n'kumadandaula.

"Atelala, ana awa andimaliza ine. Amayi ichi n'chiyani, amayi taonani, amayi wandimenya. Tsiku lonse amayi, amayi. Makutu anga atha."

"Pepani," ankatero Atelala, ulusi uli kumano. Mumtima ankati: mundibwerekeko kamodzi kokha.

Kenako mawu a Kabatani anayamba kuthawa. Loyamba kusowa linali "basi." Linatsatira ndi "chimbudzi," ndipo bulangete linayamba kuoneka pachingwe m'mawa uliwonse. "Madzi" nalo linapita. Mwana anabwerera kokoka anthu. Zimene anatolera zaka ziwiri zinkatayika anthu akuona. Linatsala limodzi lija, la pachitseko.

Atelala anaonda. Tulo tinawathawa, mutu sunkaleka kuwawa. Tsiku lina anasoka masiki a lastiki mbali imodzi yokha, ndipo mwiniwake atadandaula anamulalatira mpaka kumsewu.

Madamu anaimba foni. Ankakhala kuseri kwa msika, ulendo wapansi.

"Mayi a Kabatani, muzibwera naye m'mawa. Mpanda wanga ndi wa waya. Ine ndizikhala mkati, iye kunja, tizionana. Kanthawi kochepa chabe, kuti asaiwale."

"Matendawatu, Madamu. Tisamuyese Mulungu."

"Sitizigwirana."

"Zikomo. Tiganiza."

Amuna awo anamva zonse, poti anali pomwepo akusenda anyezi.

"Matenda ake ati? Makasitomala amakutsokomolerani pamakina pano kuyambira m'mawa."

"Mwana ndi wanga."

"Akukulandani ndani?"

"Chimene amachita Madamu n'chiyani choti ine sindingathe? Ali ndi manja atatu?"

"Ali ndi diresi lobiriwira," anatero amuna awo, akuseka.

Nthabwala imeneyo ndi imene inaononga zinthu. Nsalu yotsala ya madiresi aja inalipo, m'thumba la zigamba pansi pa bedi. Mabatani oyera analiponso. Atelala anakankhira masiki a anthu pambali n'kusoka diresi lachitatu, pamsinkhu wawo. Kolala yomweyo, matumba awiri omwewo. Pa ntchito ya singano palibe amene akanawapezera chifukwa.

"Ndiye ine ndikhale Ahedi?" anafunsa amuna awo ataliona. "Ndiziimba belu ndi chivindikiro?"

"Muzisenda anyezi wanuyo."

M'mawa anakonza pabalaza. Anaika kampando ndi katebulo, kapu pamwamba pake, monga ankaonera kusukulu. Anavula tepi m'khosi n'kuipachika pamakina. Anavala diresi, anamanga tsitsi kumbuyo ngati Madamu, n'kutuluka kuchipinda. Kabatani anali ataima kale pachitseko ndi chikwama chake.

"Wadzuka bwanji, Kabatani?" Anatsitsa mawu. "Bwera ukhale."

Mwana anatembenuka. Anayang'ana diresilo kuyambira kumpendero kukwera. Nkhope inamasuka. Anayandikira, dzanja litatambasukira batani lapamwamba, monga ankachitira polowa m'kalasi. Pakamwa panatseguka.

Dzanja linaima m'malere. Kaya linali fungo la mafuta a makina, kaya anali mawu aja, palibe akudziwa. Anayang'ana m'khosi mwawo. Kenako anakuwa, kukuwa kumene sanakuwepo chibadwire. Anagwira diresi ndi manja onse n'kukoka. Mabatani anathothoka, anagubuduzika pasimenti, ndipo Kabatani sanatole ngakhale limodzi. Anathamangira pakhonde, anayang'ana pampando wa makina. Panalibe munthu. Analowa pansi pa makinawo n'kuyamba kumenyetsa mutu pachitsulo chopalasira. Bambo ake anachita kumutulutsa ndi mphamvu, makina n'kupendekeka.

Atelala anavula diresi lija msanga, anavala zawo za masiku onse. Sizinathandize. Akayandikira, mwana ankathawira pakona n'kutseka makutu. Chakudya ankalandira m'dzanja la bambo ake lokha. Kusamba, bambo ake. M'mawa anasiya kuvala yunifolomu. Ngakhale "Madamu" uja anazimiririka. Nyumba inangoti zii.

Nsanje ya Atelala inapeza munthu watsopano. Ankaima pakhomo la khitchini kuonerera amuna awo akumwetsa mwana tiyi, kuuzira sipuni iliyonse.

"Mwasangalalatu."

"Ndikudyetsa mwana."

"Poyamba Madamu, pano inu. Mawa akhala aneba. Ine ndine wochapa mabulangete."

Amuna awo anamaliza kumwetsa, anapukuta mwana pakamwa, kenako anawayang'ana m'khosi.

"Tepi yanu ili kuti?"

Atelala anadzigwira. Inagwa tsiku la chipwirikiti lija, ndipo poti masiki safuna kuyeza munthu, sanaifunefune.

"Ilipo penapake. Mwaifuniranji?"

"Ine amandidziwira makiyiwa. Ndikawavula amandidutsa ngati mtengo. Madamu amawadziwira diresi. Nanga inu mumayesa akafuna madzi amakoka chiyani?"

"Amakoka ine."

"Amakoka tepi. Zaka zonsezi. Tsiku lija anapeza Madamu abodza, atathamangira pamakina amayi ake kulibe. Munamulanda awiri nthawi imodzi."

Atelala anadzigwiranso m'khosi.

"Ndiye ine ndine tepi?"

"Ine ndine makiyi. Madamu ndi nsalu. Tonse ndife katundu, mayi. Palibe wapambana mnzake."

"Nsaluyo ili ndi dzina."

"Ndiye mwayesa kuliba dzinalo, mwaona."

Tepi anaipeza kuseri kwa makina, yodzaza fumbi ndi ulusi. Anaipukuta, anaivala, anakhala pampando n'kuyamba kupalasa. Tsiku limenelo mwana sanabwere. Mawa lake masana anatulukira pakhonde, anaima chapatali, kenako anayandikira cham'mbali. Anagwira kachitsulo ka kumapeto kwa tepi n'kukokera ku ndowa. Atelala anamutungira madzi. Anamwa, anabweza kapu, osanena kanthu.

Atelala analibenso choti aganize. Mwana anali atatsala wopanda liwu ndi limodzi lomwe, ndipo amene akanatha kuwabweza mawuwo ankakhala kuseri kwa msika. M'mawa anamuveka yunifolomu okha. Anayenda, mwana atagwira tepi, Atelala atawerama pang'ono ngati mbuzi yopita kumsika.

Madamu anali atakhala pampando mkati mwa mpanda, patali ndi waya, masiki atatsitsira kuchibwano kuti pakamwa pazioneka. Diresi lawo linali lakale, lofwifwa m'mapewa. Kabatani anasiya tepi. Anathamanga, analowetsa zala m'mawaya.

"Madamu."

Linatuluka bwinobwino, ngati silinasowepo. Atelala anamva ngati singano yalowa pansi pa chikhadabo.

"Mayi a Kabatani, mwaondatu."

"Ndi fashoni."

"Ndamva munasoka lachitatu."

Atelala anadziwa kuti ndi pakamwa pa amuna awo.

"Linakana."

"Mukanandipatsa ine. Awawa atha m'khwapa."

"Ndalidula kale, ndasokera masiki."

Madamu sanaseke, ndipo Atelala anakwiya nazonso zimenezo. Akanaseka bwenzi pali chowadera.

"Tsono mundikhululukire," anatero Madamu. "Muziima uko, papolo yamagetsi. Tikakhala awiri sadziwa womvera."

Atelala anakaima papolo, chikwama cha mwana chili m'manja. Ankaona Madamu akukweza kapu, kudikira, kuitsitsa, kuikwezanso, osafulumira, osakweza mawu. Ankaona mwana wawo akuyang'anitsitsa pakamwa pa mayi wina. Anthu opita kumsika ankawafunsa ngati akudikira minibasi. Anaima papolo imeneyo m'mawa uliwonse, dzuwa kaya mphepo, mpaka masukulu anatsegulidwa. Tsiku limene "madzi" linabwerera analimvera pomwepo, chapatali. Anathokoza mokweza kuti Madamu amve. Kunyumba sanathyole singano, poti singano zinali zitayamba kusowa m'masitolo.

Hotela ija sinatsegulidwenso. Amuna awo amaphika m'kantini pamsika, makiyi ali m'lamba ngakhale zitseko zake kulibe. Tulo ta Atelala tinabwerera, koma mutu umawavutabe. Bulangete linasiya kuoneka pachingwe. "Basi" silinabwerere.

Madiresi a Madamu amasokabe ndi Atelala, awiri chaka chilichonse, obiriwira, a mabatani oyera. Kolala amaithinitsa pang'ono. Madamu sanadandaulepo.

Kabatani pano ndi mnyamata, watalika kuposa mayi ake. Akadali m'kalasi yomwe ija. Mawu ake achuluka. Amatha kunena "makiyi," amatha kunena "tepi," amadziwa ndi dzina la galu wa aneba. "Amayi" sanalitchulebe.