Mtolo wa Bambo Matiyasi ndi Maliro a Panjira

Ndinanyamuka pa mishoni yathu, kuseri kwa Bembeke, kukungocha, chifunga chili ponseponse. Kumutu ndinasenza mtolo wa mapepala wokulungidwa m'chikopa cha mbuzi. Linali buku la mbiri ya Mpingo limene Bambo Matiyasi, wansembe wathu, analemba kwa zaka zisanu ndi ziwiri, ine n'kumakopera pamanja mpaka chala kuuma. Tsopano chifuwa chinali chitawagoneka, ndipo ankafuna kuti bukulo lipite kosindikiza iwo akadali moyo. Wamtengatenga wa makalata ankachoka pa boma la Dedza dzuwa lili pamutu. Kumuphonya kunali kudikira milungu iwiri.

Dzuwa litatuluka ndinafika pamtsinje, n'kupeza ulalo utakokoloka. Mkulu wina wa m'dimba anandilozera powolokera nditamutapira kamchere.

"Mwasenza chiyani, aphunzitsi? Fodya?"

"Mbiri ya Mpingo."

"Kani imalemera chonchi!"

Madziwo anali ozizira kufika m'mafupa, moti ndinawoloka ndikung'ung'udza.

Chakum'mawa komweko, nditakwera chitunda, ndinamva kulira m'mudzi wina. Kwathu kuno mlendo sadutsa maliro, ndipo ndinkadziwa. Komabe ndinapatukira m'munda wa chimanga, mwakachetechete, n'kukagwera pakati pa adzukulu akuchokera kokumba manda.

"Aphunzitsi athunthu, mukuzemba maliro?"

Manyazi anandigwira. Ndinakakhala pansi pabwalo, chikho cha thobwa m'manja, maso ali padzuwa. Ndiye poti mphunzitsi wa pamudzipo anali atachokapo, akulu ataona mtolowo anati, "Mulungu watitumizira buku. Tiwerengereni."

Ndikanakana bwanji? Ndinamasula chikopa n'kuwawerengera za mabishopu akale amene anasonkhana kutsidya kwa nyanja n'kukangana miyezi yambiri. Anthu anamvetsera mwaulemu. Nditamaliza, mayi wa malemu anasendera pafupi, atagwada.

"Aphunzitsi, mwana wangayu waphunzira kalasi ya ubatizo zaka ziwiri. Ubatizo unangotsala mwezi umodzi. Bukulo likuti ali kuti?"

Tsamba lililonse la bukulo ndinkalidziwa, koma zimenezo munalibe. Ndinangoti, "Tipemphere, mayi."

Pa boma ndinafika dzuwa litapendeka. Mesenjala wa pa ofesi, akudya mbatata yootcha, sanadzuke n'komwe. "Makalata? Anapita kalekale, bwerani pakatha milungu iwiri." Ndinagona kwa amalume, m'mawa mwake n'kubwerera ndi katundu wanga yemweyo, khosi likuwawa.

Kwa Bambo ndinafotokoza zonse mopsa mtima, ndikudzudzula ulalo, adzukulu ndi mesenjala. Iwo zonsezo sanazisamale.

"Mayi uja unamuyankha chiyani?"

"Palibe, Bambo. M'bukumu mulibe."

Anatsokomola kwa nthawi yaitali. Kenaka anati, "Masula mtolowo. Ukaitanenso anthu a machila."

Ndinawachonderera, ndinawakumbutsa za chifuwa, koma zinali ngati ndikulankhula ndi mwala. Tinawanyamula mpaka kumudzi uja, ndipo anakhala pamphasa ndi mayiyo tsiku lonse. Titabwerako anayamba kundilembetsa mutu watsopano woyankha funso la mayi uja, mawu ochepa patsiku, wamtengatenga n'kupitanso kawiri osatenga kanthu.

Anamwalira mvula isanagwe, bukulo asanalione. Linapita kosindikiza pambuyo pake, mutu womalizawo utathera pakati pa tsamba. Mpaka lero ndikakumbukira ulendowo ndimakwiya nawo Bambowo. Koma ndikaitanidwa kumaliro, masamba amene ndimatenga ndi atatu ndi theka a mutu womaliza uja.